Chiboliboli Chopendama cha ku Maganga

Yankho mwana wanga,

Wapita kukatsanzika anzako a kwaya, ndiye ndati ndikhale pansi pa shedi pano ndikulembere, chifukwa ndikudzidziwa ndekha. Mawa pa depoti ya ku Salima pakamwa panga padzangotuluka zopanda mutu, za pasipoti ndi za juzi basi. Kalatayi ukaiwerenge ukakafika ku Italiyako, utakhala pansi. Zilembo zikakhota usadabwe, ndikulembera pabondo, komanso zala zangazi zinazolowera sandipepa osati cholembera.

Ndiyambe ndi chimene chadzaza mumtima: mtima wanga wakhala pansi, mwana wanga. Miyezi yapitayi chakudya sichinkandikomera. Sikuti chifukwa ukupita kutali, ayi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo tsiku limene sukulu yosema miyala ija inakuitana ndinadziwa kuti upita basi. Chimene chinkandidya ine n'chakuti unkafuna kunyamuka usakulankhulana ndi abambo ako. Munthu wochoka pakhomo ali ndi mkwiyo sabwerera msanga, ndipo ena sabwerera n'komwe. Ndinkaopa kuti ndikutaya, ndinene poyera. Lero mantha amenewo andichoka, ndipo ndikufuna udziwe mmene zinayendera, poti zina iwe sunazione.

Ukukumbukira pamene zinayambira. Unabwera ku holide kuchokera ku koleji ku Lilongwe, foni itadzaza zithunzi. Unatipeza pa shedi pomwe pano, m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, abambo ako akusema ziboliboli zogulitsa kwa alendo a m'maloji, ine ndikukwecha ndi kupaka polishi monga mwa masiku onse. Unatiuza kuti kalekale, Yesu asanabadwe, Agiriki ankasema anthu oima monga munthu amaimira akaiwala kuti wina akumuyang'ana: thupi lonse latsamira pa mwendo umodzi, bondo linalo lamasuka, chiuno chapita uku, phewa lapita uko. Aroma anabwera n'kukopera zomwezo. Kenako ufumu wawo unagwa, ziboliboli zinakwiririka m'nthaka, ndipo kwa zaka mazanamazana osema a kumeneko ankasema oyera mtima a m'matchalitchi ongoima njo m'mikanjo yawo. Ndiye alimi a mphesa ndi omanga nyumba anayamba kufukula zakale zija, china chopanda mutu, china chopanda mikono. Osema a ku Italiya anathamangirako ndi zingwe zoyezera ndi makala ojambulira, n'kukhala pansi ngati ana a sukulu kuphunzira kwa anthu amene anafa kalekale. Nyengo imeneyo unati amaitcha ya kubadwanso.

Iwe unkalankhula maso akuwala, koma ine ndinaona chinthu chimodzi chokha: anthu onsewo anali chibadwire. Ndinakufunsa kuti, "Kodi ku Girisiko kunalibe ogulitsa nsalu?" Abambo ako anayang'ana kamodzi chithunzi cha mnyamata wina wa mwala woyera, amene unati ndi wa m'Baibulo wogwetsa chimphona, n'kukubwezera foni. Anati, "Munthu wabwinobwino saima chonchi. Ameneyu waponda minga."

Apa ndi pamene ine ndinaphonya koyamba. Nkhani ija inandikomera pakamwa, ndiye Lachinayi ndinakaifotokoza kwa amayi a kutchalitchi, ndikuonjezera mchere monga umandidziwira. Tinaseka mpaka misozi. Sabata isanathe, pachitsime pankamveka kuti mwana wa a Mbewe akuphunzira kusema anthu amaliseche ku Lilongwe, ndipo mayi wina anakufunsa pamsika ngati uli ndi manyazi. Utabwera kunyumba, ine ndinanamizira kuti sindikudziwa kumene mphepoyo yachokera. Ndiye tamvera, Yankho. Kumene ukupitako ukaona zambiri zoseketsa, zakudya zawo, mavalidwe awo, mapempheredwe awo. Chinthu chimene sunachimvetse usayambe n'kuchiseka, ndipo ukachiseka usachitengere pagulu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola.

Kenako unatenga chipika cha mlombwa n'kuyamba kusema ine. Unandisema mmene ndimaimira pa thandala ndikamakambirana mtengo wa usipa, dzanja m'chiuno, mwendo umodzi utapuma, khosi litapendekeka ngati ndikuuza wogulitsa kuti asandipusitse. Ngakhale nkhope inali isanatuluke, aliyense wodutsa ankati, "Awa si amake Yankho awa?" Ndinkanyadira, ngakhale sindinakuuze. Koma abambo ako chinkawasowetsa mtendere. Ankachizungulira, n'kumapukusa mutu. Ankati, "Abambo anga ankasema mayi woima njo, mtsuko pamutu. Ine ndasema yemweyo moyo wanga wonse. Ichi chapendama, chigwa, ndipo palibe mlendo angagule chinthu cholumala."

Utabwerera ku Lilongwe, chiboliboli chija usanachimalize, abambo ako anatenga kasemasema n'kuyamba kuchiwongola. Ine ndinalipo. Ndinaona tizibenthu ta chiuno changa tikugwa pansi, ndipo sindinatsegule pakamwa, ati kulemekeza mwini ntchito. Atamaliza anandipatsa, ine n'kukwecha, n'kupaka polishi wakuda, chikuoneka ngati munsi wovala chitenje. Mlendo wina anachigula Loweruka la sabata yomweyo. Utabwera n'kufunsa kuti, "Ababa, chiboliboli changa chili kuti?" iwo anakuyankha mosatekeseka kuti, "Ndinachikonza, ndipo chinapita." Sunalire, sunakalipe. Unangosonkhanitsa matchizulo ako m'thumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakati pa iwe ndi abambo ako panatsala "mwadzuka bwanji" yekha. Ndikanalankhula kasemasema kasanagwe, zonsezi bwenzi kulibe. Ndiye iwe, ukaona chinthu chikulakwika pamaso pako, lankhula pomwepo, mwaulemu koma momveka. Ulemu wokhala chete uja unatidyera miyezi yambiri pakhomo pano.

Kalata yako ya ku Italiya itabwera, ndinayesa kuwanyengerera abambo ako kuti anene mawu amodzi okha. Ankangoti, "Apite akaphunzire kwa oponda minga akewo." Kwa iwe ndikabwera, unkati, "Amayi, zisiyeni, ine ndikapita ndapita." Mawu amenewo ndi amene ankandilanda tulo. Nonse awiri ndinu amodzi, mitu ngati phingo, ndipo ine ndinali pakati ngati nsalu yokanganirana.

Tsono zimene sunazione n'izi. Nthawi ya mwera, iwe uli ku Lilongwe kuthamangira mapepala, azakhali ako a Nambewe anatuma wa kabaza kuchokera ku Maganga kuti tipite msanga. Tinkaganiza kuti kwagwa matenda. Titafika tinapeza ana awo akuumba njerwa pa bwinja, pamene panali nyumba ya agogo ako kalekale. Pokumba dothi, khasu linagunda mtengo. Chinali chiboliboli cha phingo, chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, ndipo chiswe chinachilephera monga chimalepherera phingo. Anali mayi, koma wopanda mtsuko pamutu. Chiuno chinatulukira kumanzere, bondo lakumanja litamasuka, mutu utaweramira pambali ngati akuyang'ana kanthu. Mkono wakumanzere unali wothyoka, ndipo pachiuno panali bala la pothyoka china, potsala kaphazi kakang'ono kokhala ndi zala zake zonse.

Abambo ako anachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Ichi si cha abambo. Chapendama."

Azakhali ako ukuwadziwa, salankhula mozungulira. Anati, "Achimwene, mwakalamba ndi mutu womwewo? Ine ndinalipo abambo akusema ichi, ndinali kamtsikana. Awa ndi amayi. Pothyokapa panali inuyo. Munkalira ngati mbuzi akakutsitsani pansi, ndiye amayi ankakunyamulani m'chiuno tsiku lonse, pophika, posinja, paliponse. Akanaima bwanji njo muli pamenepo?"

Yankho, abambo ako anakhala pansi pa mulu wa njerwa. Paja agogo ako aamuna anamwalira abambo akowo ali aang'ono, asanagwire n'komwe kasemasema. Kusema anaphunzira kwa anthu a m'mbali mwa msewu, amene nawonso anakopera kwa ena, enawo kwa enanso, aliyense akuwongola pang'ono kuti chisavute kusema ndi kulongedza m'chikwama cha mlendo. Zaka zonsezi ankati akusunga dzanja la bambo awo, chikhalirecho dzanjalo anali asanalione. Pobwerera anachifukata pamiyendo mu minibasi ngati khanda. Titafika pa depoti ya ku Salima anangoti, "Ndiye kuti mwana uja..." osamaliza. Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti ndikumwetulira.

Titafika kunyumba ndinaphonyanso, ndipo apa seka ndithu. Ndinaona matope m'mizere ya chitenje cha chiboliboli chija, ndiye manja anayamba kuyabwa. Ndinatenga beseni, sopo ndi waya wotsukira mapoto, polishi wakuda ndamuika kale pambali. Ndikukwecha choncho ndinaona madzi akufiira. Ndinkati ndi dothi la ku Maganga, mpaka abambo ako anandigwira dzanja. Sanali matope okha. Agogo ako aamuna anapaka chitenjecho penti wofiira wa timadontho toyera, ndipo wina anali atabisala m'mizere zaka zonsezo, kudikira ine ndi waya wanga. Theka ndinali nditachotsa kale. Tsiku limene ndinakuuza zimenezi unaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundiuza kuti sindili ndekha. Unati Agiriki aja ankapaka ziboliboli zawo mitundu, milomo yofiira, tsitsi, zovala, koma mvula ndi nthaka zinachotsa. Ataliyana pozifukula anazipeza zoyera, n'kuganiza kuti ndi mmene eni ake ankafunira, ndiye nawo anasema zoyera zokhazokha n'kumati akutsata makolo. Mtima unandikhala pansi kumva kuti ngakhale akatswiri anapusitsidwa ngati ine. Koma phunziro ulitenge. Chakale chimene wachipeza sichinafike kwa iwe chathunthu, china chinatsala m'njira. Ukaima pamaso pa miyala yoyerayo, udzifunse kuti chasowapo n'chiyani. Ndipo usathamangire kutsuka.

Za tsiku limene unabwera kuchokera ku Lilongwe ukuzidziwa, koma undilole ndizikumbukire, chifukwa zimandikomera. Abambo ako kupepesa ndi pakamwa sadziwa, chikwatirane chathu sindinamvepo. Anangoika chiboliboli chija patebulo pamene umakhala, n'kupita kukakhala pakhonde ngati sakudziwa kanthu. Unachinyamula, unachiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka nacho. Unati, "Ababa, ichi mwachitenga kuti?" Iwo, maso ali kumsewu, anati, "N'cha agogo ako. Zikuoneka kuti Agiriki ako aja anafikanso ku Maganga." Unakhala pansi pambali pawo. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikupukuta mbale imodzi yomweyo mpaka inatsala pang'ono kubooka.

M'mawa mwake anafuna kusema mkono watsopano ndi kamwana kuti amatepo ndi guluu. Ndinaona nkhondo ikubweranso, koma iwe unawagwira bwino. Unawauza za chiboliboli cha bambo ndi ana ake olimbana ndi njoka, chimene chinafukulidwa m'munda ku Roma chopanda mkono. Akatswiri anachiikira mkono wotambasuka m'mwamba, poti unkaoneka waukali, ndipo anthu anazolowera choncho. Patapita mibadwo mkono weniweni unapezeka, uli wopindika. Abambo ako anamvetsera mpaka kumapeto, n'kubweza guluu pashelefu. Anati, "Basi, kaphaziko kandikwanira." Mmene unalankhulira tsiku limenelo, wosakweza mawu, woyamba ndi nkhani osati ndi mlandu, ukalankhule choncho kwa aphunzitsi ako ndi kwa aliyense wouma mutu amene ukakumane naye. Alipo ambiri, si abambo ako okha.

China ndi ichi. Nditangokwatiwa, abambo ako anandipatsa chiboliboli cha msodzi kuti ndikweche. Manyazi a mkazi watsopano anandiletsa kufunsa kuti ndilekere pati. Ndinakwecha ndi mtima wonse, ndipo pomaliza msodzi uja analibe mphuno. Safunsa anadya phula. Iwe mtengo umaudziwa, unakulira m'tizibenthu, koma mwala si mtengo. Ukafunse, ngakhale funso lioneke lopusa, ngakhale chilankhulo chawo chikupotoze lilime. Ngati akatswiri awo anagwada kuphunzira kwa ziboliboli zopanda mitu, iwe ungachite manyazi kufunsa munthu wamoyo? Fumbi la mwala usalipume, uzimanga pamphuno. Abambo ako akutsokomola lero chifukwa ankati nsalu ya pamphuno n'nja anthu amantha. Kukazizira uvale, usachite matama. Lamulungu uziimba foni, ngakhale ulibe nkhani.

Ndipo usaiwale chimene iwe mwini unatiuza, poti ine ndinasunga. Unati Ataliyana aja sanathere pa kukopera. Anaphunzira kwa akale mmene bondo limapindikira ndi mmene mnofu umakokera, kenako anasema anthu a m'chikhulupiriro chawo ndi a m'mizinda yawo. Iwenso uchite chimodzimodzi. Ukayeze miyala yawoyo, ukaijambule, ukaphunzire mpaka manja adziwe okha. Ukatero ubwere udzaseme a kuno: okoka makoka, amayi a pa thandala, wa kabaza akukankha njinga pamchenga. Agogo ako sanapite ku Girisi, anangoyang'anitsitsa mkazi wawo. Iwe ukhala ndi ziwiri zonse, maso a kuno ndi sukulu ya uko. Koma ukamadzasemanso ine, chonde chitenje chikhalepo, amayi a kutchalitchi aja sanaiwale.

Tsopano chomaliza, chimene abambo ako anandiletsa kukuuza iwe usanakwere ndege. Chibwerereni ku Maganga, m'mawa uliwonse asanatsegule shedi, amapita kuseri kwa nyumba ndi chipika cha mlombwa. Akuyesa kusemanso chiboliboli chako chija, ine wa pa thandala, dzanja m'chiuno. Amandiimika pansi pa mtengo wa mango ngati mwana wolakwa, n'kumati, "Amake Yankho, imani mmene mumaimira muja." Ndikaima amati ndikuchita dala. Munthu amene wasema kwa zaka zonsezi, tsitsi lachita kuyera, manja ake amakana, amangothawira kowongoka. Akakakamiza chiuno kuti chituluke, chiboliboli chimagwa. Zingapo zathera pamoto. Ndinawakumbutsa zimene unanena, kuti ngakhale Aroma ankasiya kachitsa ka mtengo pambali pa mwendo kuti chiboliboli cha mwala chisathyoke. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ine si Mroma."

Dzulo anamaliza china. Kunena zoona, mwana wanga, si chokongola. Chiuno chatuluka mopitirira, ndikuoneka ngati ndikuvina chimtali, ndipo ukachiimika patebulo chimaima pang'ono kenako n'kugwa chammbali. Ndinatenga polishi, iwo anati ndisapake. Ndinatenga sandipepa, anati ndisakhudze. Anachikulunga okha m'chitenje changa chakale chobiriwira chija, n'kuchiika pansi penipeni m'chikwama chako, pansi pa majuzi, iwe uli kubafa. Ukachipeza usadabwe. M'chipinda chako ukachitsamiritse kukhoma, pachokha sichiima.

Cha agogo ako chitsala kuno, chili pashelefu pamwamba pa wailesi. Ndinawafunsa abambo ako kuti bwanji osakupatsa chimenecho, chokongola, m'malo mwa chakugwachi. Anapukuta kasemasema, kenako anati, "Cha abambo n'chomalizidwa, sichifuna munthu. Changachi n'chosatha. Mumuuze akaphunzire, akabwere nacho, adzandionetse pamene ndikuphonya."

Ndi mawu amenewo ndinadziwa kuti ubwerera, ndipo usiku wathawu ndagona tulo tofa nato. Pita bwino, Yankho. Mulungu akutsogolere, ndipo usachedwe kwambiri, wophunzira wako ndi wokalamba.

Ndine amako,
Nabanda